Sikelo ya akuluakulu

Kwathu kwa Santhe mwana amapita ku sikelo mwezi ndi mwezi ngakhale asakudwala. Amamukoleka pa sikelo, n'kulemba m'kabuku. Koma akangomera ndevu basi, chipatala amadzachionanso atagonekedwa pa ngolo. Inenso ndinali wotero mpaka nditakwana zaka 43.

Kuno ku Joni ndimayendetsa forklift pa kampani ina ku Germiston. Mapepala anga atalongosoka n'kundilemba ntchito yokhazikika, anandiuza kuti azidula ndalama ya medical aid, inshuwalansi yolipirira chipatala, pa malipiro, kampani n'kumaonjezerapo gawo lake. Zinandiwawa, achimwene. Ndalama imeneyo ndikaisintha m'makwacha ndinkaona matumba a feteleza akuuluka. Kuonjezera apo, lamulo la kuno limalola kuti munthu wolowa atapitirira zaka 35 azilipira mowonjezera, komanso miyezi itatu yoyamba umangolipira osathandizidwa pa zambiri. Inshuwalansi ya maliro yokha ndiyo ndinkalipira mosanyinyirika, chifukwa tonse kuno timaopa kuikidwa m'manda achilendo.

Chaka chinatha khadi ili m'chikwama, yosagwira ntchito. Mnzanga wa ku Mzimba ndiye anandikoka tsiku lina Loweruka, akuti ndalama ukulipira kale, bwanji osakayezetsa, kamodzi pa chaka sulipira kanthu. Tinalowa m'sitolo ya mankhwala momwe muli kachipinda ka nesi. Anandibaya chala kuyeza shuga ndi mafuta a m'magazi, anandiyeza mimba ndi tepi ngati telala, kenako anandimanga lamba pa mkono. Makina atalira, nesi anandiyang'ana, n'kunena kuti ndikhale kaye phee mphindi zisanu. Anayezanso. 164 pa 102.

Ndinamuuza kuti sindikumva kupweteka paliponse. Iye anati BP ndi mmene imachitira, ndipo ikamafika 140 pa 90 kupita m'mwamba mobwerezabwereza, ndiye kuti yakwera. Anandifunsa ngati kwathu alipo amene anafa ziwalo mwadzidzidzi.

Apa mpamene ndinakumbukira bambo. Mukukumbukira m'mawa uja anagwa m'chigafa akusoka fodya, kamwa n'kupotoka, mkono wamanja lende. Mudzi wonse unati awamenya hamala, ndipo mayina a anthu anatchulidwa, mpaka lero mabanja ena sitipatsana nawo moni bwinobwino. Ine sindikutsutsana ndi akuluakulu. Ndikungonena kuti m'moyo wawo wonse bambo sanamangidwepo lamba uja pa mkono.

Dokotala atanditsimikizira, anandilembetsa ku medical aid ngati wodwala matenda okhalitsa. BP ndi shuga zili pa mndandanda wa matenda amene lamulo la South Africa limakakamiza medical aid iliyonse kulipira, choncho mapiritsi ndimangokatenga mwezi uliwonse. Chovuta chinali mchere. Ine munthu wothira mchere ndiwo ndisanalawe n'komwe! Nyama yootcha ya Lamlungu ndachepetsa, ndipo pobwera ku ntchito ndimatsikira patali kuti ndiyendeko.

Musaganize kuti aliyense kuno ali nayo khadi. Anzathu ambiri a m'magadeni ndi a ntchito za m'nyumba alibe, amadalira kiliniki ya boma. Kumudzinso medical aid ngati ya MASM ndi ya anthu a pa ntchito zolembedwa ndi ena opezako bwino, ndikudziwa. Koma kuyeza BP sikulira khadi. Ku chipatala cha boma ku Kasungu kapena ku health centre mungopita ndi buku lanu la kuchipatala n'kupempha kuti akuyezeni.

Ndatumiza makina oyezera BP pa basi ya Lachisanu, ali m'katoni ya sopo, ndawakulunga m'juzi ya amayi. Amayendera mabatire anayi ang'onoang'ono, ndaikamo ena apadera. Muyambe ndi amayi, m'mawa asanamwe tiyi, atakhala pa mpando, mkono uli pa tebulo. Kenako inuyo achimwene, ndipo musandiuze kuti muli bwino. Manambalawo muwajambule munditumizire pa WhatsApp.