Nsungwi ya mpanda: ndemanga yanga patadutsa madzinja atatu

Ndinagula mbande 24 za nsungwi ya mpanda ku nazale ina kuno ku Lilongwe mu Disembala 2022, ndipo ndachita dala kudikira madzinja atatu ndisanalembe. Ndikanalemba chaka choyamba chija, bwenzi nditapereka nyenyezi imodzi, ndi mkwiyo womwe. Lero ndikupereka zinayi mwa zisanu. Yotsalayo ndawamana ogulitsa, chomeracho sichinalakwe.

Chinkandisowetsa mtendere ndi mbali ya kumsewu ya poloti yathu, mamita pafupifupi 25. Mpanda wa udzu unkafuna kukonza chaka ndi chaka, wa njerwa thumba linakana nditamva mtengo wa simenti, ndipo nkhadze mayi akunyumba anaikaniratu poti utomoni wake ukalowa m'maso mwa mwana ndi ulendo wa kuchipatala. Aliyense wodutsa ankaona zomwe tikudya pakhonde, fumbi la minibasi n'kumathera pa zovala zoyanika.

Mtundu womwe ndinasankha umatchedwa Bambusa multiplex, kwawo ndi ku Asia. Si nsungwi yathu ya m'tchire ija yolukira madengu ndi malichero, yomwe akatswiri amati Oxytenanthera abyssinica. Yathuyo imayoyola masamba chilimwe chikafika, ndiye Okutobala, pamene fumbi lakula, mpanda umatsala mafupa okhaokha. Iyi imakhala yobiriwira chaka chonse, mitengo yake ndi yopyapyala ngati chala chamanthu, yothithikana, masamba kuyambira m'munsi. Chachikulu n'chakuti imamera mwa phata: mphukira zatsopano zimatuluka pafupi ndi mayi wake. Ilipo mitundu ina, monga Phyllostachys, yomwe imayenda pansi pa nthaka n'kukatulukira m'munda mwa aneba. Funsani zimenezi musanatulutse ndalama.

Ndinakumba maenje motalikirana mita imodzi, lililonse lakuya ngati mpaka m'bondo, n'kuthira ndowa ya manyowa a ng'ombe owolerana bwino. Kenako panalibe chinachitika. Miyezi inadutsa timbande tili njo, tofanana ndi mapesi a mapira odwala. Mlamu wanga atabwera anafunsa kuti, "Alamu, mpanda munkanena uja ndi umenewu? Nanga nkhuku yomwe ikudumpha?" Ndinangoseka koma mumtima ndinali nditataya kale chiyembekezo.

Chomwe a ku nazale sanandiuze, ndipo ndikanakonda akanandiuza, ndi mmene nsungwi imakulira. Ili m'banja la udzu, si mtengo. Tsinde lomwe latuluka silinenepa ayi. Limatuluka m'nthaka ndi kunenepa komwe lidzafe nako, limatalika kwa miyezi yochepa chabe, basi laima. Chaka choyamba mphamvu yonse imapita pansi kukamanga phata. Ndiye timitengo tomwe munagula m'machubu musatiyang'anire, sitidzasintha. Yang'anani mphukira za dzinja lotsatira, zomwe zimabwera zazikulu kuposa zoyambazo, ndipo za dzinja lachitatu zimaposanso pamenepo. Kwathu zachiwirizo zinandipitirira msinkhu, zachitatu zinafika pa denga la nyumba, ndipo panopa munthu ali pamsewu sangadziwe ngati pakhonde pali anthu.

Madzi ndiye nkhani ina. A ku nazale anandiuza kuti ikagwira sifuna kuthirira, koma kugwirako kumatenga zaka ziwiri. Nthawi ya ng'amba ya El Niño kumayambiriro kwa 2024, mphukira zina zinafota zisanatambasule masamba. Ubwino wake imanena yokha ikamva ludzu: masamba amadzipinda ngati ndudu, mukathirira madzulo m'mawa atambasuka. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba ndinkathira ndowa imodzi pa phata kawiri pa sabata, ambiri mwa madziwo otsukuluzira zovala, apo ayi bilu ikanandipha. Mbande ziwiri zinadyedwa ndi chiswe zidakali zazing'ono, imodzi mbuzi za eni ake zinaimaliza. Mipatayo ndinatseka pogawa maphata akuluakulu ndi khasu mvula itakhazikika, ndipo zonse zinagwira.

Tsopano dandaulo langa. Mwa mbande 24 zija, zitatu sizinali mtundu womwe ndinalipira. Zili m'machubu zonse zinkaoneka chimodzimodzi, koma chaka chachiwiri izi zinatulutsa mitengo yachikasu ya mizere yobiriwira, yonenepa ngati mkono. Ndi Bambusa vulgaris, ija timaiona m'malo ogona alendo, yomwe imapitirira mamita 10. Yokongola inde, koma m'munsi imakhala mbee popanda masamba, ndipo imodzi inali pansi penipeni pa mawaya a magetsi. Kuzula phata limodzi kunatitengera tsiku lathunthu anthu awiri, ndi piki ndi nkhwangwa. Nditabwerera kukadandaula anangoti, "Pepani bambo, anyamata anasakaniza," osabweza kanthu, osapereka mbande ina.

Kusamala kwake panopa n'kochepa. Ndimadula nsonga kamodzi mphukira zikamaliza kutalika, pamwamba penipeni pa mfundo kuti madzi asadikhe m'mphako, ndipo yodulidwayo siitalikanso, imangochulutsa nthambi. Masamba amayoyoka pang'onopang'ono chaka chonse. Osesa pabwalo amadandaula, koma ine ndimawakankhira m'tsinde momwemo kuti asunge chinyezi. Mitengo yakale ndimapatulira n'kukaimikira tomato ndi nyemba. Za njoka zomwe anthu ankandiopseza nazo, ndaonamo mabuluzi ndi timba basi, ngakhale pansi pake ndimaonetsetsa kuti pasaunjikane zinyalala.

Amene muli ndi poloti yopanikizika, siyani mita imodzi ndi theka pakati pa nsungwi ndi khoma kapena paipi ya madzi, chifukwa phata limafutukuka chaka chilichonse. Ine mbali ina ndinasiya theka la mita lokha, ndipo dzinja lino ndili ndi ntchito yoduladula mphukira zomwe zayamba kukankha ngalande.