Shopu ya unga wa "No GMO" ya ku Chilenje: nsima ndi yabwino koma chikwangwani chija achichotse

Kwa amene muli bize ndinene msanga: unga wawo ndi wabwino, nkhuku zawo ndi za kumudzi zenizeni osati mabroila okalamba aja ena amatinamiza nawo, mtengo ndi wowawa, ndipo chikwangwani chachikulu chili pakhomo cholembedwa No GMO (kutanthauza kuti mulibe mbewu zosinthidwa majini) chija chimandinyansa. Dzina la shopu sinditchula, anthu a ku Chilenje muno mu Lusaka mukuidziwa, ili chakumsika, kachipinda kamodzi kachigayo kali kuseri.

Eni ake ndi amayi ena a kum'mawa, chimanga amatenga kwa alimi a ku Chongwe ndi ku Petauke. Amagulitsa mgaiwa wa chimanga cha makolo, gankata makamaka, komanso ufa woyera uja wokonola, kunyika m'madzi n'kuyanika, umene ambiri tinausiya kumudzi kwa agogo. Alinso ndi unga wa chimanga cha olenji chija chokhala ndi vitamini A chimene chinayamba kufika kwa alimi cha m'ma 2012, unga wa mawere, wa chinangwa, nyemba za ku Mbala, nshawa za Chalimbana ndi uchi wa ku Mwinilunga. Mgaiwa wa gankata ndiye nkhani. Nsima yake imagwirana bwino, ili ndi kafungo ka chimanga chenicheni ndipo imakhalitsa m'mimba, ukadya masana sukhala ukuyang'anayang'ana kantemba pofika 16 hours. Ana kunyumba poyamba anadandaula kuti ndi yakuda, anazolowera breakfast yoyera mbee, koma pano phala lake amalimbirana. Wa olenji uja ine sunandikomere pa nsima, umatsekemera pang'ono, pa phala ndiye uli bho.

Tsopano chikwangwani. Ndinamufunsa mtsikana wogulitsa kuti asisi, kodi unga wa GMO umene mukutiteteza nawo ukugulitsidwa kuti muno mu Lusaka? Akuti bambo, wonse wa m'mashopu akuluakulu uja ndi GMO, simuona chimanga chake chimacha miyezi itatu yokha. Apa ndiye pali bodza, kaya ndi kusadziwa kaya ndi bizinesi. Chimanga chocha msanga chija ndi haibulidi, amachipeza pokwatitsa mitundu iwiri ya chimanga m'munda, ndipo si chachilendo, haibulidi ya SR52 inatuluka mu 1960 ku Southern Rhodesia ndipo alimi a kuno anailima zaka zambirimbiri, nsima yake tinakulira. GMO ndi zina, amalowetsa jini ya chamoyo china mu mbewu ku labu, ngati chimanga cha Bt chimene amalima kwambiri ku South Africa. Kuno ku Zambia chimanga chimenecho sichiloledwa kulimidwa m'minda ya alimi. Tonse tikukumbuka 2002, chilala chili pakati, a Levy Mwanawasa anakana chimanga cha thandizo chochokera ku America ponena kuti ndi poizoni, dziko lonse lapansi linatinena koma iwo sanasunthe. Kenako mu 2007 kunabwera lamulo la Biosafety Act, ndipo bungwe la National Biosafety Authority ndi limene limapereka chilolezo pa zakudya zolowa m'dziko zokhala ndi GMO, zambiri ndi zam'mapaketi zochokera kunja. Ndiye mlimi wa ku Mkushi wolima haibulidi ndi thirakitala naye atha kulemba No GMO pa thumba lake osanama. Chikwangwani chija sichikusiyanitsa unga wawo ndi wa wina aliyense, chikungogulitsa mantha.

Sindikuti nkhani ya GMO ndi yachabe ayi. Funso loti mbewu idzakhala m'manja mwa ndani, mlimi kapena kampani, ndi lenileni, ndipo a ku Kasisi Agricultural Training Centre akhala akulinena kwa zaka, anthu amenewo ulimi wopanda feteleza wa m'sitolo amauphunzitsa ndi manja osati pakamwa pokha. Koma andale athu nkhaniyi amaitola chisankho chikayandikira kapena unga ukakwera, uyu akuti boma likudyetsa anthu GMO mobisa, uyo akuti otsutsa akufuna anthu afe ndi njala, pa wailesi phokoso lokhalokha, kenako zii mpaka chilala china.

Chimene chinatipweteka zenizeni sichinali GMO. Mu Ogasiti 2024 nduna ya zaumoyo a Elijah Muchima analengeza kuti agalu pafupifupi 400 afa, ndipo atayeza unga ndi chakudya cha agalu anapeza aflatoxin wopitirira muyezo, mitundu ina ya unga inachotsedwa m'mashopu. Aflatoxin ndi poizoni wochokera ku chuku chimene chimamera pa chimanga ndi nshawa zikavutika ndi chilala, zikabooledwa ndi tizilombo kapena zikasungidwa zisanaume bwino. Kuphika sikumupha, nsima ipse bwanji iye ali momwemo, ndipo amawononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka khansa. Chuku sichifunsa kuti ichi ndi cha makolo kapena haibulidi, sichiwerenga chikwangwani. Ndipo chimanga cha kumudzi chosungidwa mosasamala chitha kukhala choopsa kuposa cha kampani.

Apa ndi pamene shopuyi ndaipatsa ulemu, ndipo n'zodabwitsa kuti zimenezi sanazilembe pakhomo. Amayi aja ali ndi kamakina koyezera chinyezi, thumba lililonse likafika amalibaya, likapitirira 12.5 peresenti, muyezo womwe uja FRA, bungwe la boma losunga chakudya, imafuna pogula chimanga, amalibweza kapena kuliyanikanso pa tenti. Kuseri kuli azimayi okhala pa mphasa ndi malichero, kupeta, kusankha njere zowola, zakuda ndi zofumbwa, ndipo zotayazo amakuonetsa mu beseni ukafuna. Amasunga mu matumba a PICS aja osalowa mpweya, anankafumbwe amafera momwemo popanda kuthira Actellic. Ukafuna umasankha chimanga wekha, meda kapena tini, n'kuima pomwepo akugaya. Kwa ine zimenezi ndi zimene ndikulipira. Ndinawauza kuti mayi, fufutani zija mulembe kuti chimanga chouma, chosankhidwa, anaseka n'kuti mwanawe, anthu a ku Woodlands ndi ku Kabulonga amaimitsa galimoto chifukwa cha No GMO, zouma sizigulitsa. Mwina akunena zoona, bizinesi ndi yawo.

Koma pa chiponde ndiye ayi. Chili m'mabotolo a mayonezi otsuka, palibe tsiku lopangira, palibe tsiku lothera, palibe dzina la wopanga, pomwe nshawa ndiye kwawo kwa aflatoxin. Kusankha ndi maso kumachepetsa koma sikuyeza, kamakina ka chinyezi sikaona poizoni. Lamulo la Food Safety Act la 2019 lilipo, koma amene amayendera mashopu ang'onoang'ono ngati amenewa timawaona nthawi ya kolera basi, akathamangitsa ogulitsa m'misewu n'kutseka mabala nkhani yatha. Ine chiponde chawo sindipatsa ana mpaka atakachiyezetsa n'kumata pepala pakhoma. Amene amakuwa kuti boma lisalowerere, munthu asankhe yekha chakudya chake, ndimawafunsa kuti usankha bwanji chinthu chimene sungachione, sichinunkha, sichiwawa pa lilime?

Mtengo. Thumba la 25 kg la mgaiwa wawo limafika pafupifupi kawiri mtengo wa roller ya m'shopu wamba. Sindikuti akuba, chimanga cha makolo chimabereka pang'ono poyerekeza ndi haibulidi wothiridwa feteleza, mlimi ayenera kupezapo kanthu, azimayi osankha aja ayenera kulipidwa. Koma tisanamizane kuti uwu ndi ufulu wosankha wa aliyense. Mu 2024 a Hakainde Hichilema atalengeza pa 29 February kuti chilala ndi tsoka la dziko, zokolola zinatsika kufika pa matani pafupifupi 1.5 miliyoni, boma linakagula chimanga ku Tanzania, anthu ku Kanyama ndi ku Chawama ankadzuka usiku kukaima pa mzere wa unga wa Eagle wogayidwa ndi asilikali a ZNS chifukwa unali wotchipa, ena n'kumagula pamela ya tsiku limodzi. Munthu ameneyo ukamuuza za gankata akuyang'ana ngati wapenga. Chaka chotsatira mvula inagwa, zokolola zinadutsa matani 3 miliyoni, ndipo zambiri ndi haibulidi yemweyo ndi feteleza wa FISP, pulogalamu ya boma yothandiza alimi, amene makasitomala ena a shopu ino amanyoza ali mu galimoto. Dziko lino likudya chifukwa cha ulimi umenewo, gankata ndi wa ife amene mwezi uno thumba latilola.

Zina zing'onozing'ono. Chigayo chawo ndi cha magetsi, alibe jenereta kapena sola, malaiti akapita mumangouzidwa kuti bwerani mawa, ndiye imbani kaye musanakwere basi. Amati amabweretsa kunyumba ndi njinga yamoto koma nthawi sasunga, ukauzidwa 10 hours konzekera madzulo, ndipo wanjinga amafuna yake pambali. Sikelo ndi ya digito ndipo ili poonekera, ndinakayezanso kwina thumba linakwana. Mobile money amalandira, khadi ayi. Ndiwo zamasamba, chibwabwa, kalembula ndi bondwe, zimafika Lachiwiri ndi Lachisanu m'mawa, masana zimakhala zitafota kale ndipo ku Soweto mupeza zomwezo motchipa. Nkhuku odani dzulo lake, amakupherani n'kusosola, ingowauzani asataye nthutumba ndi miyendo chifukwa anyamata a kuseri aja amaziona ngati zawo. Mgaiwa musagule wambiri, uli ndi mafuta a mtima wa chimanga ndiye nthawi yotentha umayamba kuwawa msanga, 10 kg ikwanira, ikatha mukagayitsenso.