Kaphiri ka Diamond Hill ndinakanyoza, mphepo inandiyankha

Loweruka lapitali tinapita ku Connemara National Park ine ndi anzanga awiri, tonse a Malawi okhala ku Galway kuno. Basi tinakwera ya Citylink yodzera ku Clifden mpaka pa Letterfrack, kuchoka pamenepo ndi kungoyenda pang'ono mwafika pageti. Polowa salipiritsa olo senti imodzi, ndinachita kufunsa kawiri chifukwa ku Ireland kuno chilichonse ndi dola basi.

Nditamva zoti Diamond Hill, phiri la mu pakiyi lomwe tinkakakwera, ndi mamita 442 ndinaseka, ine wokulira mmunsi mwa Mulanje pomwe Sapitwa ndi 3,002, ndinati aka nkachulu aka. Mpaka ndinavala masinika anga oyera aja. Eeh.

Mmunsi monse ndi dambo, koma osati la kwathu lolimamo dimba ayi, ili ndi la dothi lakuda lofewa ngati siponji, udzu wofiirira ndi timadzi tooneka ngati tiyi wopanda mkaka. Dothilo ndi zomera zimene sizinawole bwinobwino zaunjikana kwa zaka zikwizikwi, anthu akuno amalidula ngati njerwa nkuyanika nkumasonkhera moto, amati turf. Malo onyowa kwambiri anayala matabwa oyendapo ndipo apa ndawayamikira, njira yake ndi yosamalidwa, zikwangwani zilipo simungasochere. Koma ine ndi kufuna chithunzi ndinatsika pathabwa phazi limodzi lokha, linalowa mpaka mu akakolo, potulutsa nsapato inachita kulira kuti fwoo, anzanga aja kuseka mpaka misozi.

Kumtunda ndiye kuli nkhani. Masitepe amiyala otsetsereka, mphepo yochokera ku Atlantic ikukukankha ngati uli nayo ngongole, kamvula kabwera kapita kabweranso, pena ndinachita kugwira mwala ndi manja onse awiri ndipo za Sapitwa zija sindinazitchulenso. Titafika pamwamba mitambo inatseguka mwina mphindi khumi zokha, tinaona Kylemore Abbey, chinyumba chakale chokhalamo masisitere, pansi paja pambali pa nyanja yake, mapiri a Twelve Bens mbali inayo, uku zilumba zili mbuu patali. Tonse tinangoti zii.

Kuzungulira konse ndi pafupifupi makilomita 7, ife tinatenga maola atatu ndi zopumapuma. Amene muli ndi ana kapena mawondo ovuta pali njira yammunsi ya makilomita 3, ndipo mahatchi ang'onoang'ono a Connemara aja mumawaona chapafupi ndi poyambira pomwe.

Chondinyansa ndi timidges, tizilombo tating'ono kuposa udzudzu toluma kumaso mphepo ikangoleka, tengani mankhwala opaka. Jekete yamvula, nsapato zolimba, kamba wanu mchikwama, ndipo nthawi ya basi yobwerera muyionetsetse chifukwa sizibwera pafupipafupi ngati maminibasi a ku Limbe. Malowa ndikuwapatsa 9 pa 10. Masinika aja ndachapa kawiri, akadali a bulauni.