Chidole cha Randall Boggs mu Lilongwe: werengani miyendo musanalipire

Mwa zidole zonse za katuni ya Monsters, Inc. zimene zimapezeka mu Lilongwe, cha Randall Boggs ndi chimene chimapunduka msanga. Vuto ndi thupi la chilombocho. Sulley ndi chimulu cha ubweya, Mike ndi mpira wa diso limodzi, ndipo onse awiri mwana angawaponye pa simenti n'kuwatola ali bwinobwino. Randall ndi wamtali ndi wowonda, ali ndi manja anayi, miyendo inayi, mchira wautali ndi tinsonga titatu pamutu. Mukawerenga, malo amene angathyoke ndi 12. Choncho chidolechi sichogula mothamanga minibasi ikuimba huta.

Amene sadaonere kanemayu adziwe kaye chimene mwana akulirira. Adatuluka mu 2001 kuchokera ku Pixar, wotsogolera wake anali Pete Docter, ndipo mawu a Randall ndi a Steve Buscemi. Mzinda wa zilombo wa Monstropolis umapeza magetsi kuchokera ku kukuwa kwa ana. Zilombo zimalowa m'zipinda za ana usiku, kuwaopseza, n'kutsekera kukuwako m'zitini. Ana atasiya kuopa msanga, magetsi adayamba kuperewera, vuto limene munthu wa ku Area 25 kapena ku Kawale safuna kuchita kumufotokozera. Randall ndi wachiwiri kwa Sulley pa ntchito yoopsezayi, nsanje imamudya, ndipo amapanga mobisa makina oyamwa kukuwa kuchokera m'kamwa mwa mwana. Woyamba kuti ayesedwepo ndi kamtsikana kakang'ono kotchedwa Boo.

Ana ambiri amati Randall ndiye mdani wamkulu, koma mwini chiwembu ndi Henry J. Waternoose, bwana wa kampani, chinkhanu cha maso asanu chovala jekete. Iye ndiye amalola kuti ana azibedwa kuti kampani ya makolo ake isagwe. Komabe pamsika nkhope imene imagulitsa ndi ya Randall, poti ndiye amathamangitsana ndi Sulley pakati pa zitseko zolowera m'zipinda za ana, ndiyenso amasintha khungu mpaka kusowa pakhoma. M'nthano yathu ija Chauta adatuma bilimankhwe ndi uthenga wa moyo, buluzi n'kumupitirira ndi uthenga wa imfa. Randall adatenga khungu la bilimankhwe ndi liwiro la buluzi, ndipo mwina n'chifukwa chake agogo ena safuna kuchiona chidolechi pa mphasa.

Zidole zake zimabwera m'mitundu itatu. Choyamba ndi cha pulasitiki yolemera, yodzaza mkati, chimene chimatuluka m'mabelo a kaunjika ku Tsoka ndi m'misika ya m'makwalala monga Nsungwi. Chachiwiri ndi chatsopano cha m'kapaketi, chopepuka, chogulitsidwa pamodzi ndi zilombo zinzake m'mashopu a katundu wosakanikirana ku Old Town. Chachitatu ndi chansalu chofewa. Mwa zitatuzi cha kaunjika ndicho choyenera ndalama yanu, ngakhale chili chakale, bola chikhale chathunthu.

Chenicheni chimadziwika pansi. Chitembenuzeni muone pamimba kapena pansi pa phazi, payenera kukhala mawu oti Disney/Pixar odindidwa mu pulasitiki momwemo, osati opakidwa ndi penti. Nthawi zambiri pamakhalanso dzina la kampani yopanga. Hasbro ndiyo inkapanga zidole za kanema wa 2001, Spin Master idapanga za kanema wachiwiri, Monsters University, mu 2013, ndipo tina tating'ono tinkaperekedwa ndi chakudya cha ana ku McDonald's, n'chifukwa chake timachuluka m'mabelo ochokera kunja. Mawu akuti Made in China asakubwezeni, zenizeni zomwe zimapangidwira komweko. Mukaona Randall wovala magalasi ozungulira, nkhope yake yofatsa, si wabodza ayi. Ameneyo ndi wa mu Monsters University, adakali mnyamata wa pa koleji wogona chipinda chimodzi ndi Mike. Funsani mwana kaye kuti akufuna uti, chifukwa amene akufuna wolusa uja sakondwera ndi wa magalasi.

Kenako werengani. Manja akhale anayi, miyendo inayi, tinsonga titatu. Pamulu wa kaunjika tinsonga ndito timasowa kwambiri, ndipo chifukwa timathyokera m'munsi penipeni, mutu umaoneka ngati udapangidwa wosalala choncho. Yendetsani chala pamwamba pa mutu, mukamva tizitsa mudziwe kuti tidachoka. Mtundu wake ukhale wa pepo, wopita ku buluu chakumchira, maso obiriwira otsinzina pang'ono. Chimikeni pa benchi la wogulitsa n'kuchisiya. Chopangidwa bwino chimaima chokha chifukwa mchira umathandiza miyendo kunyamula thupi. Chikagwera kutsogolo, mwina mwendo udapindika m'belo, zimene zimakonzeka, kapena chidaumbidwa mosalingana, zimene sizikonzeka.

Cha m'kapaketi chimakopa chifukwa n'choyera, ndipo mtengo umodzi mumapeza zilombo zingapo. Koma chigwireni. Ndi zipande ziwiri za pulasitiki yopyapyala zomatidwa pakati, ndipo msoko wake umaoneka kuyambira pamphuno mpaka kumchira. Mukachifinya ndi zala chimabonyoka, ndipo msokowo ukang'ambika umasiya m'mphepete mwakuthwa mokwanira kucheka chala cha mwana. Manja amangolowetsedwa m'timabowo popanda chowagwira mkati, choncho kuwapotoza kangapo kokha amasolokamo. Opanga ena amachepetsa dala miyendo kuti chikombole choumbira chisavute, n'kutulutsa Randall wa manja ndi miyendo isanu ndi umodzi yokha m'malo mwa isanu ndi itatu, ndipo mwana amene adaonera kanemayu kakhumi amazindikira pompo. Penti ya mano ndi maso imakhala yopakidwa mothamanga. Ikandeni pang'ono ndi chikhadabo: ikamatuluka, idzatheranso m'kamwa mwa mwana, ndipo penti ya zidole zosadziwika kumene zidapangidwa nthawi zina imakhala ndi mtovu. Chidole chonunkha ngati tayala latsopano kapena parafini mukangotsegula paketi chisiyeni pomwepo. Ngati mukufuna tizidole toimika pamwamba pa keke ya tsiku lobadwa, toti tichotsedwe keke isanadulidwe, cha mtundu umenewu chikwanira. Choti mwana azisewera nacho tsiku ndi tsiku, ayi.

Za msinkhu wa mwana zisapepukitsidwe. Muyeso umene opanga zidole amatsata ku Ulaya ndi ku America ndi kabowo ka mamilimita 31.7 m'mimba mwake: chilichonse chokwana m'menemo si cha mwana wosakwana zaka zitatu. Dzanja la Randall losoloka kapena kansonga kothyoka kamalowa mosavuta. Kunyumba yesani ndi kachubu ka katoni ka mkati mwa pepala la kuchimbudzi, komwe n'kokulirapo pang'ono, choncho chimene chalowa m'menemo chichotseni. Pa paketi yang'anani chizindikiro cha nkhope ya mwana m'kabwalo kofiira kodulidwa, cholembedwa 0-3. Zidole zina zimalankhula kapena kuyaka, ndipo zambiri zimagwiritsa timabatire tozungulira ta LR44. Chitseko cha timabatireto chiyenera kukhala chomangidwa ndi sikuluwu. Chikakhala chongokankha ndi chala, tulutsani timabatire tonse musanapatse mwana, chifukwa kamodzi kakamezedwa n'kukakamira kummero kamawotcha mnofu m'maola ochepa, ndipo mwana wotere ndi wothamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo. Pa cha kaunjika tsegulani muone ngati mulibe ufa woyera kapena wobiriwira pa tizitsulo. Umenewo ndi batire lakale lomwe lidadontha. Wochepa umachoka ndi kathonje konyowetsa mu viniga, koma ukadya kasipuling'i, mawu sadzabwereranso, ndiye nenererani mtengo ngati wa chidole chosalankhula.

Cha kaunjika chikafika kunyumba chimafuna kusambitsidwa. Madzi ofunda, madontho awiri kapena atatu a sopo wotsukira mbale ndi mswachi wakale n'zokwanira, makamaka pakati pa mano ndi m'makwinya a khungu momwe fumbi lofiira la Lilongwe limakhazikika. Chokhala ndi mabatire musachimize, chipukuteni ndi kansalu konyowa. Jik amasuluka nayo pepo uja, ndipo thina, petulo kapena mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo amasungunula penti ndi pulasitiki yomwe. Chikamamata m'manja ngati chapakidwa uchi, ndiye kuti mafuta ofewetsera pulasitiki ayamba kutuluka chifukwa cha ukalamba ndi kutentha. Sopo amachotsa kwa kanthawi koma zimabwereranso, ndipo chotere si choti mwana wamng'ono aziluma. Kutentha kwa Okutobala kumafulumizitsa zimenezi, choncho musachisiye pa windo kapena pa dashibodi ya galimoto, pomwenso dzuwa limasandutsa pepo kukhala wotuwa.

Mwendo kapena mchira wopindika umawongoka ndi madzi otentha. Wiritsani madzi, muwasiye mphindi zisanu kuti aphwe ukali, muviike chiwalo chopindikacho kwa masekondi 30 mpaka 60. Chikafewa chiwongoleni ndi zala, muchigwire momwemo n'kuchimiza m'madzi ozizira kwa mphindi imodzi. Musayese ndi kandulo kapena pa mbaula, pulasitiki imapsa kunja isanafewe mkati. Dzanja lothyoka ndiye pamene ambiri amalakwitsa, amangodontheza supa guluu wambiri n'kudikira. Guluu ameneyu akauma amakhala wosapindika pomwe pulasitiki ya chidole imapindika, ndiye amathetheka mwana akangokoka, n'kusiya chipsera choyera kuzungulira bala. Chofunika ndi kuika fupa mkati. Dulani kawaya kopanira mapepala kutalika sentimita imodzi ndi theka, boolani kabowo mbali zonse ziwiri ndi singano yotenthetsa, mulowetse kawayako ndi kadontho kamodzi kokha ka guluu, mugwirizanitse kwa mphindi imodzi, musiye usiku wonse. Chokonzedwa chotere n'cha mwana wamkulu kapena choika pa shelefu, osati cha wokwawa. Tinsonga ndi topyapyala kwambiri moti sitilandira waya, tikachoka tachoka. Ndi bwino kungosalaza tizitsa take ndi sandipepa kuti tisabaye.

Chansalu chili ndi ubwino woti sichithyoka, ndipo kwa mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu ndicho chokha choyenera kuganizira, ngati maso ake ndi osokedwa ndi ulusi. Maso a pulasitiki akokeni mwamphamvu muli pamsika pomwepo. Kokaninso dzanja lililonse pamene lalumikizana ndi thupi, chifukwa manja ang'onoang'ono amenewa amasokedwa ndi mzere umodzi ndipo mwana amanyamulira chidole pomwepo. Finyani pamimba: mukamva timikanda, msoko uliwonse womasuka usokedwe kaye kawiri. Pochapa, chifinyeni m'thaulo osachipotokola, muchiyanike pa chingwe mpaka chiume ndi mkati momwe, zimene nyengo ya mvula zingatenge masiku awiri. Pa udzu kapena pansi musayanikepo, ntchentche zija zoikira mazira pa zovala zonyowa sizisankha, ndipo chidole chonenepa simungachisite ndi ayironi mofika mkati. Kuipa kwa chansalu n'koti Randall wake amaoneka wofatsa ngati buluzi wothyoka msana, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene akufuna mdani woti Sulley amugonjetse amachitaya pakona.

Pa mtengo, kaunjika alibe mtengo umodzi. Tsiku lotsegula belo zinthu zimakhala zodula koma zathunthu, pakapita masiku zimatsika mtengo koma zotsala ndi zopunduka. Kwa Randall pitani tsiku lotsegula. Wogulitsa akatchula mtengo, muonetseni chilichonse chosowa, kansonga, penti yofufutika pa mano, chitseko cha mabatire, n'kutsitsa pa chilichonse. Mukapeza Waternoose pamulu womwewo ali ndi miyendo yake yonse isanu ndi umodzi, mutengeni limodzi, chifukwa sapezekapezeka, ndipo wogulitsa amene sakumudziwa amamuwerengera ngati nkhanu wamba.