Bootstrap kapena Tailwind, kwa ife opanga mawebusayiti kuno ku Angónia

Anzanga amene mwayamba kumene zamawebusayiti mumandifunsa pafupipafupi kuti titenge iti pakati pa Bootstrap ndi Tailwind, zida ziwiri zokongoletsera tsamba ndi CSS, ndiye ndati ndingolemba zomwe ndaona ine pogwira nazo ntchito zonse ziwiri kuno ku Ulónguè.

Bootstrap ndi yakale, inatuluka mu 2011, anaipanga ndi Mark Otto ndi Jacob Thornton ali ku Twitter. Iyoyo imakupatsa zinthu zophikaphika. Ukangolemba btn btn-primary basi batani labuluu latuluka, menyu ya pamwamba ija imadzipinda yokha pa foni, gridi yake ya makolamu 12 imakugawira tsamba osavutika. Mwezi watha ndinapangira tsamba mkulu wina wogulitsa mbewu ndi feteleza, iwo amangofuna mitengo, zithunzi ndi nambala ya WhatsApp, ndinayamba m'mawa pofika madzulo ndinali nditamaliza. Ndipo chomwe ndimaikondera kwambiri, mafayilo ake umatsitsa kamodzi nkuika mu foda, kenako netiweki kaya ithawe iwe ntchito ikupitirira. Kuyambira Bootstrap 5 ya mu 2021 sifunanso jQuery, laibulale ya JavaScript imene inkafunika kale.

Koma imalemera abale. Fayilo ya bootstrap.min.css imapitirira 200 KB seva isanaipanikize, pomwe iweyo mwina wagwiritsa ntchito ma class (mayina ngati btn-primary aja) makumi awiri okha, ndiye taganizani mlimi wa kachewere ku Tsangano akutsegula tsambalo pa kafoni kotchipa, mamega ogula ndi ndalama yovutikira, akutsitsa zinthu zoti sadzaziona nkomwe. Zimenezi zimandipweteka mtima ine. Komanso masamba a Bootstrap amafanana kwambiri, umangodziwa ukaona batani.

Tailwind ya Adam Wathan inabwera mu 2017 ndipo nzeru yake ndi ina. Sikupatsa batani, imakupatsa tima class ting'onoting'ono monga flex, p-4, text-center, md:w-1/2, iwe nkumalumikiza wekha mu HTML momwemo. Poyamba HTML imaoneka yodzaza moti maso amatopa, ndinatenga sabata yathunthu kuti ndizolowere. Koma pomanga, iyo imawerenga mafayilo ako nkutulutsa CSS ya ma class okhawo amene walemba, ndiye fayilo imatuluka yaing'ono zedi ndipo tsamba limatseguka msanga ngakhale netiweki ikukoka. Vuto lili poyambira, ambiri amaiika kudzera pa Node.js (pulogalamu yoyendetsa JavaScript pa kompyuta) ndi npm (chida chake chotsitsira mapulogalamu), ndipo ine tsiku lina magetsi anazima npm install ili pakati ndinachita kuyambiranso. Ilipo CLI yake (pulogalamu yoyendetsa polemba malamulo) yoima payokha yosafuna Node.js, yesani imeneyo ngati laputopu ndi yofooka. Njira ina ya Play CDN, yongoika linki mu HTML osatsitsa kanthu, ndi yoyesererapo chabe, musaike pa tsamba la kasitomala chonde.

China choti ambiri samakuuzani, Tailwind ilibe JavaScript. Menyu yotseguka ukadina umalemba wekha, addEventListener pa batani kenako classList.toggle("hidden"), mizere itatu inayi basi, koma uyenera kudziwa chomwe ukuchita. Ndipo ma class ake ndi CSS yomweyo yofupikitsidwa, ngati sudziwa padding kapena flexbox palibe chomwe ungamve. Bootstrap ndiye imakubisira zimenezi, mng'ono wanga wina anaigwiritsa ntchito chaka chonse koma nditamuuza kuti aike chithunzi pakati pa tsamba ndi CSS yake anakanika.

Ndiye ine panopa ndimachita chonchi. Tsamba loti anthu azitsegula pa foni ku Dómuè, ku Furancungo kapena pa Zóbuè ndimapanga ndi Tailwind, likakhala laling'ono kwambiri ndimangolemba CSS yanga ndi flexbox ndi grid. La mu ofesi lolembera katundu, lodzaza mafomu ndi matebulo, lotsegulidwa pa kompyuta imodzi yomweyo tsiku ndi tsiku, Bootstrap basi. Zonsezo ndisanapereke ndimatsegula DevTools ya Chrome (zida zoyesera tsamba mu msakatuli), pa Network ndimaika 3G kuti ikhale ngati netiweki yochedwa nkuona kuti tsamba litenga masekondi angati.