Kuchotsa maginito m'chitsulo: koyilo ya AC, DC yotembenuza kapena ng'anjo?

Chitsulo chikachoka pa tebulo la maginito la makina opalira, kapena chikayesedwa ming'alu pogwiritsa ntchito maginito ndi ufa wachitsulo, chimatsalira ndi maginito. Tizinyenyeswa timachikakamira, bearing (chogwirizira shafiti kuti izizungulira mosavuta) imakoka fumbi lachitsulo n'kudyeka msanga, ndipo powotcherera moto umathawira kumbali. Ntchito zambiri zimafuna kuti gaussmeter, chipangizo choyezera mphamvu ya maginito m'magausi, isapitirire magausi 3, ndipo muyeze kumapeto ndi m'makona, osati pakati.

Koyilo (waya wokulungidwa mozungulira) ya AC ya 50 Hz, magetsi opita uku ndi uku maulendo 50 pa sekondi, ndiyo yotchipa komanso yachangu. Yatsani koyilo, lowetsani chitsulo, muchikoke pang'onopang'ono mpaka chitalikire mita imodzi, kenako muzimitse koyiloyo. Mukazimitsa chikadali mkati, mwachipatsanso maginito. Kufooka kwake n'kwakuti mphamvu yake imangonyambita pamwamba, siilowa kupitirira mamilimita ochepa. Shafiti yonenepa imaoneka yopanda maginito poyeza, koma maginito a mkati amadzatulukira pambuyo pake, makamaka mukaidula. Timabawuti tounjika m'dengu timatchingirana, tiyaleni, tisakhudzane.

DC (magetsi oyenda mbali imodzi) yotembenuza imafika pamtima pa chitsulo. Makinawo amatembenuza magetsi pang'onopang'ono, pafupifupi kamodzi pa sekondi, uku akuchepetsa mphamvu, ena mpaka maulendo 30. Ulendo woyamba uyenera kufanana kapena kuposa mphamvu imene inaika maginitowo, apo ayi mwangotaya nthawi. Ndi yodula, imachedwa, koma pa zitsulo zochindikala ndi zolimbitsidwa, zimene zimaumirira maginito kuposa chitsulo chofewa, AC wamba siingaipose. Chenjerani ndi maginito ozungulira m'kati mwa shafiti: gaussmeter siwaona bwino. Yambani mwaipatsa maginito m'litali, ndiye muwachotse.

Ng'anjo imafafaniza zonse chitsulo chikatentha kudutsa madigiri 770 Celsius, koma imawononga kulimba kwake, imachipinda ndi kusiya makoko. Ndi yoyenera pokhapokha ngati chitsulocho chinali kale pa ulendo wokatenthedwa kupitirira pamenepo; zikatero musavutike n'komwe ndi koyilo.

Pa tizitsulo topyapyala, tengani AC. Pa zonenepa, DC. Ndipo chitsulo chachitali chigonekeni kum'mawa ndi kumadzulo pochotsa maginito, chifukwa maginito a dziko lapansi, pafupifupi theka la gausi, amalowanso mosavuta chikaloza kumpoto.