Seti yomeretsera chamba m'nyumba: nyenyezi 3 pa 5, imameretsa bwino koma kulera mbande imalephera

M'katoni mumapezeka thireyi ya mabowo 12, chivundikiro cha pulasitiki choonekera mkati chokhala ndi timazenera tiwiri pamwamba, kamkeka ka magetsi kotenthetsa pansi, getsi la LED la mawati 10 lokhazika pa chivundikirocho, timibulu ta peat (zomera zowolerana zodzalamo njere) tofufuma tikanyowa, komanso kabotolo ka madontho oyezera pH (muyeso wa asidi m'madzi). Ndemangayi ndi ya alimi amene ali kumene lamulo limalola kudzala chamba pakhomo, monga ku Germany komwe kuyambira mu Epulo 2024 munthu wamkulu amaloledwa mitengo 3.

Pa kumeretsa, setiyi ilibe mlandu. Njere yokhwima ikaikidwa mwakuya kwa theka la sentimita mpaka sentimita imodzi, imatumphuka pakati pa masiku 3 ndi 7. Mavuto amayamba mbande ikangoona kuwala, ndipo ambiri amachokera m'kabuku ka malangizo, kamene kamanena kuti chivundikiro chikhalepo mpaka tsiku lowokera. Amene angatsatire zimenezo asadabwe mbande zikamagwa imodziimodzi.

Pansi pa chivundikiro chotseka, chinyontho chimapitirira 90 peresenti, madzi n'kumachita kuyenderera m'mbali mwa pulasitiki. Njere imakonda malo otero, koma mbande yomera kale ayi, imafuna pakati pa 65 ndi 75 peresenti ndi kamphepo koyenda. Mpweya ukaima dothi lili chinyowere, tizilombo ta m'dothi monga Pythium, Rhizoctonia ndi Fusarium timagwira tsinde pamene pakumana mtengo ndi dothi. Mukaweramira pafupi muona pamenepo pataonda ngati ulusi, pali bulawuni ndiponso ponyowa, pomwe timasamba pamwamba tikadali tobiriwira ngati palibe chachitika. Kukacha mbande yagona. Ikafika apa musataye nthawi ndi mankhwala: zulani, tayani pamodzi ndi kam'bulu kake, tsukani bowolo, kuti zinzake zisatengere. Kupewa kwake n'kosavuta. Timasamba tiwiri tozungulira toyamba kutuluka tikangotambasuka, tsegulani timazenera tonse. Tsiku lotsatira tsamiritsani chivundikiro pa kamtengo kuti pakhale mpata wa chala chimodzi, ndipo pofika tsiku lachitatu chichotseni. Timazenera tokhato n'tochepa kwambiri, sitingatulutse chinyontho chonsecho.

Kamkeka kalibe thermostat (chida chozimitsa kutentha kukakwana), kamangotentha basi. M'chipinda chozizira kamathandiza, koma m'chipinda chofunda kale kamakweza kutentha kwa peat kupitirira 30°C, pomwe mizu imafuna 22 mpaka 26°C. Madzi ofunda amasunga mpweya wochepa, ndiye mizu imabanika, ndipo Pythium uja amasangalala. Yalani thaulo lopinda pakati pa kamkeka ndi thireyi, lowetsani choyezera kutentha m'kam'bulu kamodzi kopanda njere, ndipo mbande zikamera zimitsani kamkekako pokhapokha ngati usiku kukutsika pansi pa 18°C. Kuzizira koteroko kumachedwetsa kukula ndipo tsinde limatha kusanduka lofiirira.

Getsi ndiye lotikhumudwitsa kwambiri. Pa katoni analijambula likuwala ngati dzuwa, koma mawati 10 ogawana mabowo 12 ndi ochepa, ndipo mbande za m'mphepete zimalandira zotsalira. Chizindikiro chake sichibisika: tsinde lotuwa, lalitali masentimita 8 kapena 10 masamba enieni asanatuluke, lopendekera kumene kuli getsi. Mbande yokhuta kuwala imakhala yaifupi, yonenepa, masamba ali pafupipafupi. Akatswiri amayeza kuwala kofika pa masamba ndi muyeso wotchedwa PPFD, ndipo mbande imafuna pakati pa 100 ndi 300. Amene alibe chida choyezera angagwiritse ntchito pulogalamu ya pafoni yoyeza lux, muyeso wina wa kuwala; pa LED yoyera, 10,000 mpaka 15,000 lux pamwamba pa masamba ndi pabwino, ngakhale foni imangopereka chithunzithunzi. Vuto lina ndi lakuti getsili analimangirira pa chivundikiro, ndiye mukachotsa chivundikiro mwachotsanso kuwala. Limasuleni, mulipachike ndi chingwe masentimita 5 mpaka 8 kuchokera pa masamba, ndipo muikepo mbande 4 zokha pakati penipeni. Ikani kuseri kwa dzanja pamene pali masamba kwa theka la mphindi. Mukamva kutentha, likwezeni pang'ono. Liyake maola 18, lizime maola 6. Timer (chida choyatsa ndi kuzimitsa getsi pa nthawi yake) mulibe m'katonimo, mugule padera.

Mbande yotalika kale musaitaye. Powokera, kwirirani tsinde mpaka patsale sentimita imodzi kapena ziwiri pansi pa timasamba tozungulira, ndipo masiku oyamba musathire madzi pa tsinde lokwiriridwalo. Kafani kakang'ono koloza khoma, osati mbande, kamapangitsa masamba kunjenjemera pang'ono chabe, ndipo tsinde limalimba.

Tsopano nkhani ya madzi, imene imapha mbande zambiri kuposa china chilichonse. Mlimi watsopano akaona masamba atazyolika amathamangira kuthirira, chonsecho nthawi zambiri madzi ndiwo awazyolikitsa. Kusiyana kwake kuli pa tsamba lenilenilo. Mbande yomwa mopitirira imakhala ndi masamba olemera, okhuthala, opindikira pansi ngati chikhadabo, dothi lili lakuda ndi lonyowa. Yaludzu imakhala ndi masamba opyapyala, olefuka ngati nsanza, dothi litatuwa n'kulekana ndi khoma la kapu. Yaludzu mukaithirira imadzuka m'maola awiri kapena atatu. Yomira imatenga masiku.

Timibulu ta m'setiyi timasunga madzi ngati siponji. Mukatinyika m'madzi ofunda kwa mphindi 10, finyani kalikonse mpaka kaleke kudontha musanaikemo njere. Thireyi nayo ilibe tinjira pansi, ndiye madzi amadikha mbande n'kukhala m'thamanda. Muzikhuthula nthawi zonse. Pothirira gwiritsani ntchito sirinji. Mamililita 5 mpaka 10 pa kam'bulu amakwana, ndipo mbande ikalowa m'kapu ya theka la lita, mamililita 20 mpaka 30 mozungulira, masentimita awiri kapena atatu kutalikirana ndi tsinde, kuti mizu izituluka kukasaka madzi. Musawerenge masiku pa kalendala. Nyamulani kapu itangothiriridwa, mumve kulemera kwake m'dzanja, ndipo mudzathirirenso ikapepuka moonekeratu. Kapuyo ikhale ndi mabowo osachepera 4 pansi, ndipo dothi lisakanizidwe ndi perlite (timiyala toyera topepuka), gawo limodzi pa magawo atatu kapena anayi a dothi. Mukaona tintchentche takuda tikuuluka mukagwedeza kapu, dziwani kuti pamwamba pa dothi sipakuuma. Mphutsi zake zimadya timizu tanthete. Lekani pamwamba paume, tcherani timapepala tachikasu tomata, ndipo zikakanika thirirani ndi mankhwala a Bti, mabakiteriya opha mphutsizo.

Kaukonde kokuta timibuluti akuti kamaola kokha. Ifeyo tapeza kakadali kolimba patapita milungu yambiri, mizu itazungulira mkati. Kang'ambeni ndi lumo mbali imodzi musanawokere, mizu yoyera ikangoyamba kusuzumira, kawirikawiri pakati pa tsiku la 7 ndi la 10.

Chinthu chooneka chachabe m'katonimo, kabotolo ka madontho a pH, ndicho chabwino koposa. Mumathira madzi m'kachubu, kudontheza madontho atatu, kugwedeza, n'kufananitsa mtundu ndi kakhadi. Sikanena molondola ngati chida cha digito, koma sikafuna kukonzedwa ndi madzi apadera a pH 4.0 ndi 7.0 nthawi ndi nthawi, ndipo kusiyanitsa 6.5 ndi 8.0 sikalakwitsa. M'dothi madzi akhale pakati pa 6.0 ndi 7.0, m'makoko a kokonati (amene ena amadzalamo m'malo mwa dothi) pakati pa 5.8 ndi 6.2. Madzi a pampopi nthawi zambiri amakhala pamwamba pa 7, ndipo pH ikakwera mizu imalephera kukoka ayironi ngakhale alimo m'dothi. Masamba atsopano a kunsonga amachita chikasu, mitsempha yokha ili yobiriwira. Werengani mtunduwo pa kuwala koyera, chifukwa pansi pa getsi lofiirira mitundu yonse imanama. Mankhwala otsitsira pH mulibe m'setimo, ndipo nzodabwitsa kupatsidwa choyezera popanda chokonzera.

Chikasu china si matenda. Timasamba tozungulira tija ndi nkhokwe ya chakudya cha njere, ndipo timayamba kufota pakati pa mlungu wachiwiri ndi wachitatu, masamba a manomano atafika magulu awiri kapena atatu. Tikachita chikasu mlungu woyamba, yang'anani madzi ndi kutentha musanaganize za feteleza. Dothi logula la mbande lili ndi chakudya chokwanira milungu iwiri kapena itatu. Nsonga za masamba zikawauka n'kusanduka zabulawuni ngati zapsa ndi ndudu, ndiye kuti chakudya chachuluka. Thirirani madzi okhaokha mpaka masamba atsopano atuluke abwino. Amene awauka kale sabwerera, choncho muziweruza ndi tsamba latsopano. M'makoko a kokonati nkhani ndi ina, chifukwa mulibe chakudya: masamba enieni oyamba akatuluka yambani ndi gawo limodzi pa magawo anayi a mlingo wolembedwa pa botolo, EC (muyeso wa kuchuluka kwa feteleza m'madzi) isapitirire 0.8.

Kabukuko sikanenanso kanthu za khoko la njere lokakamira pamutu pa mbande, lomwe limachitika njere ikadzalidwa pamwamba kwambiri kapena mpweya ukauma. Donthezanipo madzi, dikirani mphindi 15 kuti lifewe, kenako likankheni pang'onopang'ono ndi chotokosera m'mano. Mkati mumatsala kakhungu kopyapyala komata timasamba. Nako kachotseni, apo ayi sititambasuka.

Mbande ikadwala sinthani chinthu chimodzi, mudikire masiku awiri kapena atatu. Mukatsitsa getsi, kuthira feteleza ndi kuwokera tsiku limodzi, simudziwa chachiza kapena chapha.

Tikuipatsa nyenyezi 3. Thireyi ndi chivundikiro n'zolimba, zimatsukika, ndipo zingagwire ntchito maulendo ambiri. Amene mukufuna kuigula, muwerengeretu kuti muwonjezera timer, kafani, choyezera kutentha ndi chinyontho, mankhwala otsitsira pH, ndiponso getsi lina la LED lotheka kuwonjezera kapena kuchepetsa kuwala kwake, lomwe mbande zidzasamukireko pofika tsiku la 10.